Setilaiti imaona mitambo, nanga mvula ya m'munda mwathu akuyeza ndani?

Aphunzitsi, imelo yanu ndaiwerenga ndipo yandigwira pamtima. Mukuti ana a Fomu 3 pasukulu yanu ku Nkhotakota anakupanikizani ndi funso: ngati kumwamba kuli masetilaiti oyang'ana dziko usana ndi usiku, kodi akuonetsadi kuti nyengo yasintha kuno kwathu, nanga bwanji madzi a Dwangwa anadzidzimutsa anthu mu February 2024? Mukufunanso kudziwa komwe mungapeze zithunzi zake. Anawo musawaone ngati amwano. Funso limeneli landivutitsa kuyambira nthawi yomwe ndinkagwira choko ngati inu kuno ku Salima, ndipo mpaka lero likandipeza ndimasiya zonse.

Masetilaiti omwe anawo akunena ali kutali zedi, makilomita pafupifupi 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta. Pamtunda umenewo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi momwe dzikolo limatembenukira, ndiye kwa ife tili pansi imaoneka kuti yangoima malo amodzi. N'chifukwa chake dishi ya kanema mukaikhomera pakhoma simuisunthanso. Masetilaiti otumiza kanema nawonso ali mumzere womwewo. Oyang'ana nyengo ya Africa ndi a Meteosat, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la maiko a ku Ulaya la EUMETSAT, lomwe likulu lake lili ku Darmstadt m'dziko la Germany. Yoyamba inaponyedwa mu 1977. Ina imakhala pamwamba pa nyanja ya Atlantic, kumwera kwa Ghana, pomwe ikweta imadutsana ndi mzere wa Greenwich. Ina anaisunthira kum'mawa, pa madigiri 45.5, kuti izilondera nyanja ya Indian komwe anamondwe athu amachokera. A m'badwo wachiwiri, omwe anayamba mu 2002, amajambula mbali yathu yonse ya dziko mphindi 15 zilizonse. Ya m'badwo wachitatu, yomwe inaponyedwa mu December 2022, imajambula mphindi 10 zilizonse, ndiponso ili ndi kamera yapadera yowerenga ziphaliwali.

Kamera ya ziphaliwaliyi ndikaiganiza ndimakumbuka bambo anga. Iwo anali msodzi wa usipa padoko lina cha ku Senga Bay. Kusukulu sanapite patali, koma madzulo alionse, anyamata asanakankhe bwato, ankaima pamchenga manja kumbuyo, maso ali chakumwera. Ankayang'ana mtundu wa madzi, ankaona momwe nkhungu zikupendekera pakati pa nyanja, ankatchera khutu momwe mafunde akumenyera m'miyala. Akangoti "lero ayi, mwera uli m'njira," panalibe wotsutsa. Siginala, msodzi woitanira usipa ndi nyali, ankabweza nyali zake m'nyumba, khoka la chilimira n'kugona pamchenga, ngakhale kunyumba kulibe ndiwo. M'dzinja ankatidzutsa usiku kutionetsa ziphaliwali zikung'anima pakati pa nyanja pomwe kumtunda kuno nyenyezi zili mbee, n'kutiuza kuti amene ali pamadzi usiku umenewo Mulungu awayang'anire.

Atakalamba anayamba kudandaula. Ankati nyanja yasiya kulankhula zoona. Mwera ukubwera pa nthawi yosakhala yake, chizimalupsa chikudumpha zaka zina, mvula yodzalira ikuchedwa ndipo ikabwera ikudula pakati chimanga chili m'mawondo. Anzawo ena ankawaseka, amvekere ukalamba wawalowa m'maso. Ine zinkandiwawa. Ndinali mphunzitsi wa jogalafe, ndipo ndinkafuna ndiwabweretsere manambala, ndiwaikire pamphasa pamaso pa anzawowo, nditi onani, madalawa sakunama. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma masiku ano mawu a mkulu opanda pepala anthu amawaponya kumbali.

Pasukulu ina yomwe ndinkaphunzitsa panali choyezera mvula. Chinali chachitsulo, kuseri kwa ofesi, mkati mwa kampanda ka waya. Mphunzitsi wina wachikulire, yemwe anatisiya kalekale, ndiye ankachisamala. M'mawa uliwonse belu lisanalire ankapita ndi kagalasi kake kokhala ndi mizere, n'kuthira madzi a usikuwo, n'kukakweza mpaka m'maso, n'kulemba mu kope lachikuto cholimba. Tsiku lopanda mvula sankasiya mpata, ankalemba ziro. Ndikukumbuka zala zake zoyera ndi choko zikutsegula masamba omwe m'mphepete mwake munali mutafiira ndi fumbi. Makopewo anali mulu, a zaka zambirimbiri. Mkuluyo atapuma pantchito panalibe amene anapatsidwa udindowo. Choyezeracho chinasowa usiku wina, ndipo aliyense ankadziwa kuti chapita kwa ogula zitsulo zakutha. Nditapita kukafuna makope aja kuti ndiwerengere bambo anga, ndinawapeza pansi m'chipinda chosungiramo mabenchi othyoka, chiswe chitadya mkati monse, kutsala zikuto zokha. Ndinatola chikuto chimodzi, dothi n'kukhuthukira pansapato. Bambo anamwalira ndisanawapatse manambala aja.

Ndiye nditamva koyamba kuti kuli malo komwe akusunga mbiri ya mvula ya Africa yense yochokera ku masetilaiti, mtima unagunda. Ku yunivesite ya Reading ku England kuli ntchito yotchedwa TAMSAT, yomwe ili ndi chiyerekezo cha mvula kuyambira 1983, ndipo ku yunivesite ya California ku Santa Barbara kuli ina yotchedwa CHIRPS, yoyambira 1981. Zomwe chiswe chinadya pasukulu paja, mbali ina zilipo kumeneko. Izi n'zamtengo wapatali, ndipo aliyense wonyoza masetilaiti kuti ndi zidole za azungu sakudziwa chomwe akunena.

Koma auzeni anawo momwe manambalawo amapezekera, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Kamera ya Meteosat siona dontho la mvula. Chomwe imayeza, kudzera m'kuwala kwa infrared komwe maso athu saona, ndi kuzizira kwa pamwamba pa mtambo. Mtambo wa mvula ya mabingu umakwera kupyola makilomita 10, ndipo nsonga yake imazizira kuposa madigiri 40 pansi pa ziro. Akatswiri amawerenga kuti pamalo akutiakuti mtambo wozizira chotere wakhalapo maola angati, kenako n'kuyerekeza mamilimita omwe agwa. Kuti chiyerekezocho chikhale ndi mutu, amatenga manambala a zoyezera zapansi, zonga chija cha kuseri kwa ofesi, n'kuona kuti m'dera limenelo, mwezi umenewo, maola akuti a mtambo wozizira amabala mvula yochuluka bwanji. Setilaiti ili ngati munthu woima pamwamba pa phiri la Senga: madenga onse a m'mudzi akuwaona, koma nyumba yodontha amaidziwa ndi wogona mkatimo. Kumene zoyezera zapansi zili zochepa, chiyerekezo nachonso chimatsimphina.

Ndipo kuno kunyanja chimatsimphina kwambiri. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha infrared cha setilaiti ya m'badwo wachiwiri ndi dera la makilomita atatu kapena kuposerapo mbali iliyonse, pomwe tonse tikudziwa kuti mvula imatha kugwa kumsika osafika kusukulu. Chinanso, mvula ya mawawa yomwe imabwera ndi mphepo ya kumwera chakum'mawa kumapeto kwa dzinja, ija inu a ku Nkhotakota mumaidziwa bwino mu April ndi May, imachokera m'mitambo yotsika, yosazizira kwenikweni pamwamba pake. Setilaiti imaichepetsa, nthawi zina kuiphonya kumene. Komanso kuli timitambo tina tokwera kwambiri, topyapyala, tozizira koma topanda mvula, tomwe timatha kuinamiza. Mlimi wa mpunga ku Bua akakuuzani kuti kwagwa mvula usiku wonse pomwe mapu akuonetsa pang'ono, musathamangire kukhulupirira mapuwo.

Apa ndiye ndimapsa mtima, ndipo ndinena mosabisa. Kuno ku Salima misonkhano ya kusintha kwa nyengo siitha. Magalimoto akuluakulu amadzaza m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja, anthu n'kukhala masiku akuonetsana mapu okongola a setilaiti pakhoma, kulandira ndalama zogonera, n'kubwerera ku Lilongwe. Sindikuti misonkhano yonse ndi yachabe. Koma pulojekiti iliyonse yokamba za nyengo yomwe ikutha popanda kusiya choyezera mvula ngakhale chimodzi m'mudzi, ndi munthu wophunzitsidwa kuchiwerenga, ndi njira yotumizira manambalawo kwa a zanyengo, yaseweretsa anthu. Mtengo wa chakudya chamasana cha msonkhano umodzi ungagule zoyezera zokwanira masukulu a zoni yathunthu. Sukulu iliyonse ya sekondale m'dziko muno inayenera kukhala nacho, tchalitchi ndi mzikiti uliwonse wokhala ndi mpanda unayenera kukhala nacho, ndipo wakuba choyezera mvula aziweruzidwa ngati wakuba mankhwala kuchipatala. Ena adzati ndakokomeza. Ayi sindinakokomeze.

Taonani zomwe zinachitika namondwe Ana atadutsa mu January 2022, uja anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Gulu la asayansi la World Weather Attribution linafufuza ngati kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula ya anamondwe a chaka chimenecho ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Anapeza kuti inde kunawonjezera, koma analephera kunena kuti ndi mlingo wanji ndendende, chifukwa mbiri ya mvula yoyezedwa pansi m'maderawo inali yoperewera. Taganizani. Ife ndi amene tikuika maliro, ife ndi amene milatho ikukokoloka, koma tikapita kumisonkhano ya maiko kukanena kuti utsi wa mafakitale anu watipweteka, umboni wathu ndi wobooka. Wobooka chifukwa cha zinthu zazing'ono ngati chiswe ndi wogula zitsulo.

Pa anamondwe pokha masetilaitiwa ndimawavulira chipewa. Freddy anabadwira kutali, pakati pa Indonesia ndi Australia, kumayambiriro kwa February 2023. Masetilaiti anamulondola akuoloka nyanja yonse ya Indian, kumenya Madagascar, kulowa Mozambique, kubwerera kunyanja, n'kulowanso cha ku Quelimane pa 11 March asanakhuthule mvula ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense m'mbiri yolembedwa. Popanda diso la kumwambalo sitikanadziwa n'komwe kuti ndi namondwe mmodzi yemweyo. Chenjezo linaperekedwa masiku angapo asanafike. Anthu mazanamazana anafabe, ambiri chifukwa cha matope otsika m'mapiri monga ku Soche, m'malo omwe munthu ngakhale atamva chenjezo analibe kothawira.

Ndisaiwale za moto. Masetilaiti omwewa amaonanso moto wa m'tchire, ndipo mukayang'ana mapu a September ndi October, chigawo chathu chino chimadzaza ndi timadontho ta moto. Osaka mbewa, otentha makala, osadzula minda ndi machesi. Izi ndikuzitchula dala, chifukwa masiku ano chilichonse tikungoti kusintha kwa nyengo, ngakhale zomwe tachita ndi manja athu. Linthipe akamabwera wofiira ndi dothi la ku Dedza, Bua akamadzaza mchenga, mlandu wina ndi wa nkhwangwa zathu. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Mvula yomwe kale inkalowa pansi pang'onopang'ono lero imathamangira mumtsinje tsiku lomwelo. Maiko olemera ali ndi mlandu wawo waukulu ndipo aulipire, koma ana anu asatuluke m'kalasi akuganiza kuti ife tilibe chochita. Ngakhale dzuwa lenilenili masetilaiti amaliyeza, kuti dera lakuti limalandira kuwala kochuluka bwanji pa chaka, ndipo manambala otere ndi omwe omanga malo a magetsi a dzuwa amayang'ana. Kuno tili nawo a ku Nanjoka, a mamegawati 60, omwe anayamba ntchito mu 2021.

Tsono nyengo yasinthadi?

Chithunzi chimodzi cha setilaiti chimangokuuzani za lero. Kuti munene kuti nyengo ya dera yasintha pamafunika zaka 30 kapena kuposerapo, ndipo pakali pano a WMO amayerekeza chaka chilichonse ndi zaka za 1991 mpaka 2020. Masetilaiti a Meteosat anawapangira kulosera za mawa, ndipo palibe imodzi yomwe yakhala kumwambako zaka zonsezi. Ina ikakalamba amatumiza ina, ya kamera yosiyana. Kamera nayo ikamakalamba imayamba kuona mosiyana ndi momwe inkaonera ili yatsopano. Wosasamala akhoza kulengeza kuti mitambo yasintha pomwe chasintha ndi kamera. N'chifukwa chake a EUMETSAT amabwerera ku zithunzi zakale, kuzikonzanso ndi kuzilinganiza kuti za m'ma 1980 ziyerekezeke ndi za lero. Ndi ntchito ya zaka, yosaoneka, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa kutentha umboni ndi wolimba, ndipo wambiri umachokera ku zoyezera zapansi ndi za panyanja zikuluzikulu. WMO inalengeza kuti 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse zolembedwa, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa nthawi yomwe mafakitale anali asanachuluke. Malawi nayenso watentha poyerekeza ndi m'ma 1960. Pa mvula nkhani ndi yovutirapo, chifukwa mvula yathu ndi yosinthasintha chaka ndi chaka kuyambira kale, ndipo El Niño ndi La Niña, kutentha ndi kuzizira kwa madzi a nyanja ya Pacific, amaikoka uku ndi uku. Nyanja yathuyi ndi mboni. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 inatsika mpaka kusiya kuthira mu Shire. Mu 1980 inakwera kwambiri. Mu 2024 inakweranso, kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Senga Bay ndi ku Mangochi. Choncho chaka chimodzi cha madzi ambiri kapena cha chilala pachokha si umboni. Umboni umabwera mukaika zaka zambiri pamzere n'kuona ngati mvula ikuyamba mochedwa, ngati ng'amba za pakati pa dzinja zikutalika, ngati masiku a mvula yamphamvu akuchuluka. Pa ntchito imeneyi mbiri ya zaka zoposa 40 ya masetilaiti yafika poti n'kuthandiza, bola ikhale ndi zoyezera zapansi zoitsimikizira. Kukwera ndi kutsika kwa nyanja amayeza ndi masetilaiti ena, oyenda pafupi ndi dziko, omwe anayamba ntchitoyi mu 1992. A Meteosat sachita zimenezo.

Za Dwangwa, auzeni anawo kuti mitambo ija setilaiti inaiona. Koma kuona mtambo ndi kudziwa kuti mtsinje usefukira ola lakuti pamudzi wakuti ndi zinthu ziwiri. Dwangwa amayambira kutali ku Kasungu. Kuti udziwe zomwe achite kumunsi uyenera kudziwa mvula yomwe yagwa kumtunda, momwe nthaka yakhutira kale, ndi msinkhu wa madzi mumtsinjemo, ndipo zimenezi zimafuna zoyezera m'mphepete mwa mtsinje ndi anthu oziwerenga. Kenako uthenga uyenera kuyenda kuchoka kwa a zanyengo ku Blantyre, kufika kuboma, kwa amfumu, mpaka kwa mayi yemwe foni yake yatha moto. Unyolo umenewu ukaduka pamodzi, zithunzi za mphindi 10 zilizonse sizipulumutsa munthu. Akumbutseninso kuti m'dzinja lomwelo, inu mukuthawa madzi, madera ambiri chimanga chinkapserera ndi ng'amba ya El Niño, ndipo mu March 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Zithunzi mungazione kwaulere pa intaneti, pa tsamba la EUMETSAT lotchedwa EUMETView. Zimadya bandulo, ndiye tsitsani zochepa za tsiku la mvula ndi za tsiku louma, muwaonetse anawo pa foni kapena pa kompyuta. Mapu a mvula ali pa tsamba la TAMSAT. Za machenjezo a mwera ndi mvula yamphamvu tsatirani a Nthambi ya Zanyengo ndi Kusintha kwa Nyengo pa wailesi ndi pa Facebook. Ndipo pemphani a hedi akugulireni choyezera mvula. Chikakanika, chitini chowongoka m'mbali, chosapindika pansi, pamodzi ndi rula zikwanira poyambira. Chiikeni poyera, kutali ndi mitengo ndi madenga, pomwe mlonda amaona. Ana aziwerenga m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi, 8 koloko, ngakhale Loweruka ndi pa holide, ndipo tsiku louma azilemba ziro. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mbali zonse. Kumapeto kwa mwezi ayerekeze manambala awo ndi a TAMSAT a dera lanu, aone pomwe akugwirizana ndi pomwe akusiyana. Tsamba lililonse likadzaza lijambuleni pa foni, mutumizire mphunzitsi mnzanu ndi a ofesi ya zaulimi ya kwanuko, ndipo mukadzasamutsidwa musachoke musanasiye kopelo m'manja mwa munthu wodziwika dzina.